KAUNDULA WA NYAMA ZA M'THENGO

Mau onenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Palabana, m'boma la Chongwe

 Nkhani imene ndadza nayo ioneka ngati yacilendo, pakuti m'kati mwace muli makamera ndi makompyuta. Koma ndikhulupirira kuti tisanafike pa mapeto mudzaona kuti ndi nchito imene inu muidziwa kale koposa anthu ena onse a m'mudzi. Mphunzitsi ali yense, m'mawa uli wonse, atsegula kaundula wa kalasi lace, naitana maina, nalemba amene abwera ndi amene sanabwere. Pa tsiku limodzi lokha kaundulayo sanena kanthu. Koma pakutha pa caka ndiye atiuza mwana amene wayamba kujomba, ndi mwezi umene ana ambiri anasowa cifukwa ca malungo kapena ca nchito ya kumunda. Tsono funso langa lero ndi ili: kodi nyama za m'thengo lathu lino aziitana maina ndani?

CIFUKWA CACE TIYENERA KUWERENGA

Ife a kuno tikhala m'dziko la Asoli, pakati pa zinthu ziwiri zazikulu. Kumadzulo kuli mzinda wa Lusaka, umene caka ndi caka ulikutambasuka kudza kuno, pamodzi ndi nyumba zace ndi njala yace ya makala. Kum'mwera cakum'mawa, kutsika mapiri, kuli cigwa ca Zambezi, kumene boma linaika paki ya Lower Zambezi mu 1983. Ndipo mtsinje wathu womwe uno wa Chongwe ndiwo malire a pakiyo cakumadzulo, pamene uli pafupi kuthira m'Zambezi. Pafupi ndi mzinda palinso Lusaka National Park, ya mahekitala 6,715, yozingidwa ndi mpanda, imene inatsegulidwa mu 2015, m'mene ana athu angathe kukaona mbidzi, nchefu ndi mphalapala. Nyama za m'mapaki amenewa ziri ndi alonda ozisunga ndi oziwerenga. Koma pakati pa mapakiwo pali dziko lathu ili la mafamu, la midzi, la madambo ndi la timitu ta nkhalango totsala m'mbali mwa mitsinje. Ndipo nyama zokhala m'menemo, monga gwape, nungu, nguluwe, fungwe, mwili ndi nchenzi, ziri ngati ana osalembedwa m'kaundula. Zikasowa, palibe adziwa tsiku limene zinacoka.

Akulu athu atiuza kuti kale mbawala zinali kumwa madzi pomwe amai atunga lero, ndipo anena zoona. Koma ukafunsa kuti kale limenelo ndi caka citi, ndi kuti mbawalazo zinali zingati, wina anena izi, wina anena izo. Ndipo mwana wobadwa lero ayesa kuti thengo limene walipeza ndilo thengo lodzala. Akadzakula, nayenso adzayesa kucepa kwace kucokera pa zocepa zimene anazipeza, kotero kuti mbadwo uli wonse utaya pang'ono, osadziwa kuti onse pamodzi ataya zambiri.

Kumbukirani nkhalango ya Lusaka East, imene ambiri aicha Forest 27, kumene kuli magwero a mtsinje wa Chalimbana. Inacotsedwa m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1983. Inabwezedwamo mu 1996, anthu a m'mbali mwa mtsinjewo atadandaula. Ndipo kuyambira mu 2017 mbali zina zinadulidwanso kuti pamangidwe nyumba. Pa milandu yotere, pamene wina ati malowa ndi thengo cabe lopanda nchito, wina nati iai, muli zamoyo, cofunika ndico mboni. Mboni yabwino ndiyo imene inaona ndi maso, niilemba pa tsiku lomwelo, niicita comweco zaka zambiri mosasintha. Mboni yotereyi sukulu ya kumudzi ingathe kuilera.

MSAMPHA WOSAPHA

Diso la mboni yathu ndilo kamera yochera m'njira za nyama. Nzeru imeneyi siyatsopano. M'zaka za m'ma 1890 munthu wina wa ku America, dzina lace George Shiras, anali kumanga cingwe m'njira ya nyama, kuti nyamayo ikacikhudza kamera ijambule yokha usiku. Ndipo zithunzi zace zinasindikizidwa m'magazini ya National Geographic mu 1906. Alenje a kwathu sakadadabwa nazo, pakuti ndi msampha womwe uja wa cingwe. Kusiyana kwace ndi kwakuti uwu ugwira cithunzi, nyama niipitirira ndi moyo.

Kamera ya masiku ano iribe cingwe. Ndi kabokosi ka usinkhu wa dzanja, kamene mumangirira ku mtengo. Pamaso pace pali kadiso kakumva kutentha. Cinthu cofunda, monga thupi la nyama, cikadutsa patsogolo pace, kamera ijambula. Usiku iunika ndi kuunika kumene maso a munthu sakuona, ndipo nyama zambiri sizidzidzimuka nako. Pa cithunzi ciri conse idinda tsiku ndi nthawi, niisunga zonse pa kakhadi kakang'ono kamene mukacotsa pokasintha mabatire. Muimangirire pa msinkhu wa m'bondo, pakuti nyama zathu zambiri nzazifupi; isapenye kum'mawa kapena kumadzulo, kuti dzuwa lingainyenge; ndipo mumwete udzu wa patsogolo pace, pakuti udzu wotenthedwa ndi dzuwa ukagwedezeka ndi mphepo, kamera iuyesa nyama.

Za udzu zimenezi musaziyese zazing'ono. Ku paki ya Serengeti, m'dziko la Tanzania, akatswiri anachera makamera 225 kuyambira mu 2010, ndipo pofika mu 2013 makamerawo anali atajambula kokwanira 1.2 miliyoni. Mwa zonsezo, zimene munali nyama zinangopitirira pang'ono 322,000. Zotsalazo zinali udzu ndi mphepo. Akatswiriwo sakadatha kupenya zithunzi zonsezo okha. Anathandizidwa ndi anthu wamba oposa 28,000 a m'maiko osiyanasiyana, amene anali kuzipenya pa intaneti, nachula nyama ziri m'menemo, ndipo anapeza mitundu 40 ya nyama zoyamwitsa. Apa tiphunzirapo ziwiri: kuti kujambula ndi nchito yapafupi, yobvuta ndiyo kulongosola zojambulidwazo, ndi kuti nchito yolongosolayo munthu wamba wa maso abwino aitha. Ana a m'makalasi athu, amene azindikira phazi la nungu pa mcenga, ali nao maso amenewo.

TSAMBA LOWERENGERA LOKHA

Zithunzi zikwi zambiri zounjikidwa pa khadi ziri ngati cimanga cosatonola: ndi cakudya, koma sungaphike nsima. Potonolera pace ndi cimene acicha spreadsheet. Limeneli ndi tsamba la pa kompyuta kapena pa foni, lolembedwa mizere yoima ndi mizere yogona monga kope la masamu kapena kaundula wanu yemwe uja. Mizere yoima iri ndi malemba A, B, C. Yogona iri ndi manambala 1, 2, 3. Ndipo kabokosi kali konse kali ndi dzina lace, monga E2 kapena B10. Cosiyana ndi kope ndi cakuti m'kabokosi mungathe kulembamo lamulo, ndipo tsambalo liwerengera lokha. Mukakonza nambala imodzi, mayankho onse odalira nambalayo asinthika pomwepo. Loyamba kufala m'maofesi linali VisiCalc, la mu 1979, limene analikonza Dan Bricklin ndi Bob Frankston. Ndipo akuti Bricklin analingalira zimenezi ali wophunzira, poona mphunzitsi wace akubvutika kufufuta ndi kulembanso manambala pa bolodi. Masiku ano kuli Excel, kuli Google Sheets, kulinso LibreOffice Calc imene njaulere ndipo igwira nchito popanda intaneti. Iri yonse mwa izi itikwanira.

Tsamba lathu likhale ndi mizere yoima isanu ndi iwiri. Mu A tilembe nambala ya kamera; mu B malo; mu C tsiku; mu D nthawi; mu E mtundu wa nyama; mu F ciwerengero ca nyama zooneka pa cithunzi; mu G dzina la wolemba, kuti pakabuka cikaiko tidziwe wofunsa. Zatha, palibenso cina. Koma pali malamulo atatu, ndipo pa malamulo amenewa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse, pakuti kompyuta siidziwa gwape, siidziwa bodza. Ingowerenga cimene mwaipatsa.

Lamulo loyamba: mzere wogona umodzi ndi ulendo umodzi wa nyama, si cithunzi cimodzi iai. Nungu akaima pamaso pa kamera nakumba mizu, angathe kujambulidwa makumi anai pa mphindi khumi. Mukalemba mizere makumi anai, mwacita monga mphunzitsi amene acongera mwana m'kaundula nthawi iri yonse imene mwanayo atuluka ndi kulowanso m'kalasi. Cifukwa cace akatswiri ambiri atsata lamulo la mphindi 30: nyama ya mtundu womwewo ikaonekanso pa kamera yomweyo mphindi 30 zisanathe, ndi ulendo womwe uja, ndipo sitilembanso. Ena aika ola lathunthu. Sankhani limodzi, mulilembe pamwamba pa tsamba, ndipo musalisinthe.

Lamulo laciwiri: nyama imodzi, dzina limodzi, kalembedwe kamodzi. Kuno kwathu mwana wina adzati gwape, wina adzati insa, wina adzachula dzina la m'Cisoli limene anamva kwa ambuye ace. Onse anena zoona, koma tsamba lidzawerenga mitundu itatu pamene pali umodzi, ndipo thengo lanu lidzaoneka lolemera ndi nyama zimene kulibe. Ngakhale lemba limodzi lolakwika libala mtundu watsopano. Tsono konzani tsamba lina la maina, m'mene nyama iri yonse iri ndi dzina limodzi logwiritsa nchito, ndi maina ace ena onse pambali pace, a Cinyanja, a Cisoli ndi a Cingelezi. Tsamba limenelo lidzakhala cuma pa lokha, pakuti nyama ikatha, dzina lace litsatira posacedwa. Ndipo cithunzi cikakhala cosaoneka bwino, ngati mwangooneka mcira kapena maso owala, lembani kuti "yosadziwika". Mau amenewa sacititsa manyazi. Cocititsa manyazi ndico kulota.

Lamulo lacitatu: werengani mausiku amene kamera iri yonse inagwiradi nchito. Kamera imodzi yogwira usiku umodzi ndi usiku umodzi wa kamera; makamera 4 ogwira mausiku 25 ndi mausiku 100. Mabatire akatha pa tsiku lakhumi, mausiku otsalawo musawawerenge. Mlenje wobwera ndi akalulu asanu atasaka mwezi wathunthu saposa mnzace wobwera ndi atatu atasaka masiku awiri. Comweco sitiyerekeza maulendo okha, koma maulendo pa mausiku 100: tigawa maulendo a nyamayo ndi mausiku a kamera, ndi kuculukitsa ndi 100. Gwape wooneka maulendo 12 pa mausiku 200 ndi 6 pa 100. Wooneka maulendo 9 pa mausiku 100 ndi 9 pa 100. Ndipo waciwiriyu ndiye aoneka kawirikawiri, cinkana 12 iposa 9.

KUYESA KULEMERA KWA THENGO

Tsopano tifike pa masamu, ndipo ndipempha aphunzitsi a masamu akhale maso kuti andigwire ndikaphonya. Muyeso woyamba ndi wapafupi: mitundu ingati yaoneka? Kuti mudziwe maulendo a mtundu uli wonse, lembani m'kabokosi kopanda kanthu =COUNTIF(E:E,"gwape") ndipo tsamba lidzawerenga mizere yonse m'mene muli gwape. Kuti muwerenge a malo amodzi okha, pali lamulo lina lochedwa COUNTIFS, limene lipenya mzere wa malo ndi wa mtundu nthawi imodzi. Citani cotero ndi dzina liri lonse, ndipo mudzakhala ndi mndandanda wa mitundu ndi maulendo ace.

Koma kuwerenga mitundu kokha kunyenga. Tiyerekeze malo awiri; manambala awa ndangowapeka kuti tiphunzirirepo, sacokera ku thengo liri lonse. Pa malo onse awiri tachera mausiku 100, ndipo pa onse awiri talemba maulendo 50 a mitundu isanu. Ku malo oyamba, kumtsinje, gwape 10, kalulu 10, nungu 10, nguluwe 10, mwili 10. Ku malo aciwiri, kumene anaocha makala, kalulu 42, gwape 2, nungu 2, nguluwe 2, mwili 2. Mukangowerenga mitundu mudzati malowa ngofanana, isanu uku, isanu uko. Koma mai ali yense adziwa kuti nkhokwe yodzala ndi cimanga, m'mene mwagwera nyemba ziwiri, nzama ziwiri ndi nsawawa ziwiri, siifanana ndi nyumba m'mene mbeu iri yonse iri ndi thumba lace. Ku malo aciwiriwo mitundu inai iri pakhomo potulukira.

Muyeso wogwira kusiyana kumeneku anaulongosola Mngelezi wina, Edward Simpson, m'magazini ya Nature mu 1949, ndipo ungathe kuphunzitsidwa ndi mphika ndi mbeu. Ikani mumphika mbeu 50 monga mwa manambala a malo aja, cimanga m'malo mwa kalulu, nyemba m'malo mwa gwape, ndi zina zotero. Mwana atole imodzi osapenya, aione, aibwezere, avundule, atolenso. Funso la Simpson ndi ili: kodi ndi kangati pamene mbeu ziwirizo zidzakhala za mtundu umodzi? Mumphika wa malo aciwiri, kawirikawiri adzatola cimanga kawiri. Mumphika wa malo oyamba, kawirikawiri adzatola zosiyana.

Pa tsamba ticita motere. Tigawa maulendo a mtundu uli wonse ndi maulendo onse, kuti tipeze gawo lace. Gawolo tiliculukitsa ndi lokha. Tiphatikiza mayankho onse, ndipo cimene tapeza ticicotsa pa 1. Ku malo oyamba gawo la mtundu uli wonse ndi 10 kugawa ndi 50, ndiye 0.2, kuculukitsa ndi lokha ndi 0.04, kasanu ndi 0.20, kucotsa pa 1 kutsala 0.80. Ku malo aciwiri gawo la kalulu ndi 0.84, limene libala 0.7056, mitundu inai yotsalayo iri ndi 0.04 uli wonse, ndiye 0.0016 kanai, kapena 0.0064, zonse pamodzi 0.712, kucotsa pa 1 kutsala 0.288. Nambala yoyandikira 1 itanthauza thengo m'mene mitundu yambiri igawana malo. Yoyandikira 0 itanthauza thengo m'mene mtundu umodzi watsala wokha. Ndipo ngati mufuna nambala yomveka kwa anyakwawa ndi makolo, gawani 1 ndi ciphatikizo cija musanacicotse: ku malo oyamba mupeza 5, ku malo aciwiri mupeza 1.4. Ndiko kunena kuti thengo loyamba likhala ngati la mitundu isanu ndithu, koma laciwiri, cinkana lichula maina asanu, likhala ngati la mtundu umodzi ndi kacidutswa.

M'mabuku mudzakomana ndi muyeso wina wochedwa ndi dzina la Claude Shannon, amene anaukonza mu 1948 pofufuza za kutumiza mauthenga. Tsamba liuwerengera mosabvuta, ndipo pa citsanzo cathu upereka 1.61 ndi 0.66, unena nkhani yomweyo, koma usamala kwambiri mitundu yosowa. Kwa ana a ku pulaimale wa Simpson ukwanira, popeza ufuna kugawa, kuculukitsa ndi kuphatikiza basi. Ndipo sukulu yopanda kompyuta isataye mtima: zonse ndanenazi zitheka pa bolodi ndi m'kope la masamu. Kompyuta ifulumiza nchito, koma siionjeza coonadi.

ZIMENE KAMERA SINENA

Mboni yabwino idziwa polekezera umboni wace, ndipo ife tiyenera kuphunzitsa ana malire amenewa pamodzi ndi masamu. Coyamba, kamera yomangidwa pa msinkhu wa m'bondo iona nyama zoyenda pansi za thupi lofunda. Mbewa zambiri izipitiriza; mbalame za m'mitengo ndi acanga a m'nthambi siiwaona; njoka, abuluzi ndi acule, amene thupi lao lifanana kutentha ndi malo amene ali, kawirikawiri adutsa osajambulidwa. Cifukwa cace nambala yathu ndi ya nyama zimene kamera ikhoza kuona, si ya zamoyo zonse za m'thengo.

Caciwiri, maulendo 10 a gwape satanthauza agwape 10. Angakhale gwape mmodzi wokonda njira imeneyo. Nyama zimene tingathe kuziwerenga imodzi imodzi ndi zokhazo za mawanga kapena mizere yosiyana, monga nyalugwe. Ndi m'mene Ullas Karanth anayambira kuwerenga akambuku a mizere m'nkhalango ya Nagarahole ku India m'zaka za m'ma 1990. Kwa nyama zina zonse, cimene tiyesa ndi kuoneka kwace, osati ciwerengero cace.

Cacitatu, nyama yosajambulidwa siyiri nyama yosakhalako. Kuona maso a nkhono nkudekha. Kuti mudziwe ngati mwadekha mokwanira, lembani m'mzere wina mausiku, ndi pambali pace mitundu yonse imene yaoneka kufikira usiku umenewo, ndipo muuze tsamba lijambule mzere wokwera. Masiku oyamba mzerewo ukwera msanga, pakuti nyama zofala zibwera zonse. Pambuyo pace uyamba kugona. Ngati ulikukwerabe pamene mwacotsa makamera, ndiye kuti mwacotsa msanga, ndipo mndandanda wanu ngoperewera.

Cacinai, yerekezani zofanana zokhazokha. Cirimwe ciyerekezedwe ndi cirimwe, dzinja ndi dzinja. Pakuti m'mwezi wa October nyama zisonkhana pa madzi otsala, koma mu February zibalalika m'udzu wautali. Cherani pa mitengo yomweyo, pa msinkhu womwewo, mausiku ofanana, caka ndi caka, ndipo musaike nyambo, pakuti nyambo iitana nyama zina ndi kupitikitsa zina. Nambala ya caka cimodzi ndi tsiku limodzi la m'kaundula. Mphamvu yace idzaoneka pa caka cacisanu ndi cakhumi.

ULEMU NDI CINSINSI

Kamera iri ndi maso koma iribe mwambo. Mwambowo uyenera kucokera kwa ife. Musachere kamera musanapemphe kwa anyakwawa kapena kwa mwini famu, ndipo anthu a m'mudzi adziwe cimene ciri m'kabokosiko ndi cifukwa cace. Kamera yobisika ibala mphekesera, ndipo yodziwika isungidwa ndi mudzi wonse. M'paki kapena m'malo ena oyang'aniridwa ndi boma simungachere popanda cilolezo ca Department of National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA mu 2016. Pa nyengo ya lupsa lambulani pozungulira mtengo kapena cotsani kamera, moto ungaidye.

Kamera idzajambulanso anthu: amai otola nkhuni, abusa, apaulendo. Zithunzi zimenezo musazionetse ana, musazitumize pa foni, zifufutidwe. Sukulu ikasanduka kazitape wa mudzi, nchito yatha tsiku lomwelo. Koma ng'ombe, mbuzi ndi agalu lembani pa tsamba lapadera, osaziphatikiza m'masamu a Simpson, pakuti pambuyo pace zidzathandiza kumasulira cifukwa cace nyama zina zileka kudutsa m'njira ina.

Ndipo pali cithunzi cimodzi cimene mukacipeza mukondwere mwakacetecete, ndico ca ngaka. Nyama imeneyi isakidwa kwambiri cifukwa ca mamba ace, kotero kuti maiko osonkhana ku Johannesburg mu 2016 analetsa kugulitsana mitundu yonse ya ngaka pakati pa maiko. Malo amene ngaka kapena nyalugwe waoneka musawalembe pa tsamba loona ali yense, musawachule pa WhatsApp. Uzani a dipatimenti ya nyama okha. Kaundula wathu alembedwa kuti asunge, asasanduke mapu a mlenje.

NCHITO YA MPHUNZITSI

Nanga tiyambire pati? Sukulu zambiri ziri ndi magulu a Chongololo, amene anayamba m'dziko muno mu 1972, ndipo gulu lotere ndilo mwini woyenera wa nchito imeneyi. Sukulu imodzi singathe kugula makamera ambiri. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo sukulu zinai kapena zisanu zoyandikana zingathe kusonkherana kapena kubwereka makamera ocepa, ndi kumasinthana mwezi ndi mwezi, zonse zitsata malamulo amodzi ndi tsamba limodzi la maina, kuti manambala ao athe kuikidwa pamodzi. Cithunzi ciri conse cipenyedwe ndi ana awiri pa okha, ndipo akasiyana aitane wacitatu, kapena nkhalamba ya m'mudzi yodziwa nyama. Pakutha pa nyengo, tsamba lisindikizidwe kapena likopedwe ndi dzanja, lisungidwe m'kabati ya mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi makaundula ena, pakuti aphunzitsi asamutsidwa ndipo mafoni aonongeka, koma nchitoyi iyenera kutsalira sukulu.

Phindu lace kwa ana nlalikulu. Adzaphunzira tizigawo ndi madesimali pa zinthu za kwao. Adzaphunzira kuwerenga nthawi ndi kujambula magirafu. Adzaphunzira maina a nyama m'zilankhulo zitatu. Koma koposa zonsezi adzaphunzira kulemba cimene aona, osati cimene akhumba kuona. Mwana amene walemba kuti "yosadziwika" pamene anzace anali kumkakamiza kuti alembe nyalugwe, waphunzira phunziro limene lidzamthandiza ngakhale akadzakhala namwino, kalaliki kapena woweruza milandu.

Sindikulonjezani kuti manambala anu adzakhala okondweretsa. Kapena adzaonetsa kuti kamtsinje kanu kali ndi zamoyo zambiri zimene simunali kuzidziwa, ndipo mudzakhala ndi conena pamene wina afuna kudula mitengo ya m'mbali mwace. Kapena adzaonetsa kuti patsala akalulu ndi agalu okha; ndipo cimenecinso nciyenera kudziwika, madzi asanatayike onse, pakuti akatayika saoleka. M'njira zonse ziwiri, mudzi udzakhala ukuweruza ndi umboni, osati ndi zongomva.

Tsono, aphunzitsi anzanga, pempho langa ndi locepa. Pobwerera ku sukulu zanu, musadikire kamera. Sabata yomwe ino khalani pansi ndi ana anu ndi akulu awiri kapena atatu a m'mudzi, mulembe tsamba la maina a nyama za kwanu, ndi kusankha malo awiri amene mufuna kudzawayerekeza. Pa msonkhano wathu wotsatira bwerani nao masambawo, tidzawalinganize, kuti kamera yoyamba ikadzafika idzapeze kaundula ali wokonzeka.